Mutu 5: Timaso Tofiira ta pa Phiri la Katoni

1. Chenjezo

"Evelesi, tamvera kuno. Cha m'nyumba yaikuluyo usagwire. Ngakhale akupatse okha ndi manja awiri, iwe ako ubise kumbuyo. Chathu chikathyoka timamanga ndi luzi, nkhani yatha. Chawo chikathyoka, othyoka ndife. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Mawu amenewa ndinamuuza mdzukulu wanga tsiku limene tinalowa ku Area 14. Ndinkawabwereza kawirikawiri, mpaka iye anayamba kuwamaliza yekha ine ndisanafike pakati.

Ine ndine Naphiri. Sukulu sindinaiponde. Mudzi wathu unali pamene lero pali nyumba zosanja za ku City Centre. Likulu litayamba kusamuka ku Zomba, kunabwera akatapila, ife n'kumwazikana ngati anapiye oona kabawi. Mudzi wobwererako tinalibenso.

Mwana wanga Jobu anapeza ntchito yosamala maluwa ndi kapinga kwa a Chikaonda, bwana wa m'boma amene anabwera ndi maofesi kuchokera ku Zomba. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda ka wantchito, kamene m'tauni amati boyizikota. M'menemo ndi momwe tinapanikizana atatu: Jobu, ine, ndi Evelesi, amene mayi ake anatisiya iye akukwawa.

Potilandira, a Chikaonda ananena mosabisa.

"Jobu, chipinda ichi ndi cha munthu mmodzi. Amayi akowa ndi mwanayu ndingowatsekera maso. Koma ndisamve phokoso, ndisaone vuto."

Ndiye ine ndinkayenda monyang'ama. Kutsokomola ndinkatsokomolera m'chitenje. Denga lathu linali lobwereka, ndipo sukulu ya Evelesi inali pansi pa denga lomwelo.

Vuto linali manja a mwanayu. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ali Sitandade 7, koma manja ake sankagona. Tochi ya mlonda ikafa, ankabwera nayo kwa iye. Anyamata opanga galimoto za mawaya ankamupempha kuti awaikire timababu kutsogolo. Onse ankamuyamika. Ine kuyamikako ndi kumene kunkandiopsa, pakuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nzeruzo anazitengera kwa bambo ake. Kwathu batire silitayidwa. Likafooka timaliyanika padzuwa, nthawi zina n'kuligogoda ndi mwala. Wailesi ya Jobu inkafuna mabatire anayi, koma iye ankalumikiza akale asanu ndi atatu mumpukutu wa katoni, n'kumanga ndi malegeni. Mawu akachepa, ankangowonjezera lina. Evelesi anakula akudziwa lamulo limodzi: chikafooka, wonjezera batire.

2. Phiri la m'chipinda chochezera

A Chikaonda ankalisowa kwawo. Ankati Lilongwe ndi fumbi lokhalokha, diso lilibe pogwira. Ndiye Loweruka lililonse ankakhala pathebulo ndi makatoni, guluu ndi penti, kuumba phiri la Zomba.

Ine ndinkalionera pazenera ndikamasesa. Linali ndi timitengo, kamsewu kokhotakhota, ndi kanyumba koyera m'munsi mwake, kamene Jobu anandiuza kuti ndi ka mayi awo a bwana. Pamwamba penipeni panali kansanja kokhala ndi timagetsi titatu tofiira, tating'ono ngati maso a khoswe. Kansanjako kanaima pa kabokosi kobisamo mabatire. Madzulo bwana ankatseka makatani, n'kuyatsa, n'kukhala duu, kumangoyang'ana.

Lachisanu lina bwana ndi adona anapita ku Zomba kukaona odwala. Anati abwera Lamulungu madzulo. Mwana wawo Sophia, wa msinkhu wa Evelesi, anatsala ndi mayi wophika.

Loweruka m'mawa ndikutsuka mbale, ndinaona Sophia akubwera kuseri, atabisa chinthu m'juzi. Maso ali psuu.

"Eve, pulizi ndithandize. Ndafa ine."

"Watani?"

"Ndimangofuna kuona mkati. Kandipulumuka, kagwa pansi. Tsopano sikakuyaka. Kagetsi kamodzi kazuka, ndakaika m'bokosi la machesi. Adadi akabwera andisenda."

Anatulutsa kansanja kaja ndi kabokosi kake. Ine mbale inatsala pang'ono kundigwa.

"Bwezani kumene mwachitenga! Iwe Sophia, mwana wa eni nyumba akaswa mbale amalandira mbama imodzi, mawa n'kudya pathebulo pomwepo. Wathuyu akagwira, tikagona kuti? Dikira bambo ako, uwauze zoona. Evelesi, manja kumbuyo!"

"Agogo, ndingoona chabe. Kuona si kugwira."

Akunena choncho, chinthucho chinali kale m'manja mwake. Anachigwedeza pafupi ndi khutu. Anakankha swichi uku ndi uku. Palibe.

"Ichi sindinachionepo," anatero. "Koma a Edwell ku Old Town angadziwe."

"Supita."

"Mwandituma kale mchere, agogo. Si njira yomweyo?"

Jobu anali kutsogolo, akudula mpanda. Ndikanamuuza, kukanakhala phokoso loti mayi wophika amve, ndipo chimene wophika wamva adona amvanso. Ndinangomanga chitenje, n'kumutsatira mwanayo. Ndinati ngati akukagwa m'dzenje, bola ndione kuzama kwake.

3. Pa benchi la a Edwell

Tinayenda wapansi. Malole a njerwa ndi mchenga ankatidutsa, kutithira fumbi. Tinawoloka mlatho wa Lilongwe dzuwa litakwera, miyendo yanga ikulira.

A Edwell anali wokonza mawailesi. Benchi lawo linali pakhonde la shopu ina pafupi ndi msika. Pambali pawo panali mbaula, m'makala muli chitsulo chowotcherera mawaya. Amuna atatu anali ataimirira pamenepo, aliyense akufuna wailesi yake ichire mpira usanayambe.

Evelesi anagwada n'kupereka moni, kenako anavundukula kansanja. A Edwell anatsitsa magalasi pamphuno, n'kuimba kaluzu.

"Ichi wachitenga kuti?"

"Si chake, bambo!" ndinalowerera. "Muuzeni achisiye."

"Agogo, kusiya sangasiye, ndamuona maso. Bola adziwe polekezera. Tsono iwe, wayambira pati pofufuza?"

"Ndinachigwedeza."

Amuna aja anaseka. A Edwell sanaseke.

"Mvera, mwana iwe. Magetsi ali ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Amachoka mu batire, n'kuyenda m'waya, n'kudutsa pa swichi, n'kulowa mu getsi, n'kubwerera kwawo ku batire. Njira ikaduka pena paliponse, zonse zimaima. Ndiye chinthu chikakana kuyaka, usachigwedeze, usachimenye. Itsate njirayo ngati ukusaka pamene ngalande yagumuka. Yamba ndi mabatire. Kenako uone pamene mabatire amagunda chitsulo. Kenako swichi. Kenako waya uliwonse, uukoke pang'ono. Getsi lenilenilo uliganizire pomalizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"A Edwell," anatero mmodzi wa amuna aja, "mpira uyamba inu mukutsegula sukulu ya atsikana?"

"Iwe wailesi yako imadwala chifukwa umagona nayo m'bulangeti. Dikira."

Anatsegula kabokosi. Munali mabatire awiri a tochi. Anawayesa ndi babu lawo, babulo n'kuyaka chikasu.

"Atopa, koma sanafe. Timagetsi iti sitidya zambiri. Taona apa." Analoza kachitsulo kamene batire limatsamira. Panali zoyera ngati ufa. "Izi ukapale ndi mpeni mpaka chitsulo chiwale. Tsopano koka mawaya wekha."

Evelesi anakoka woyamba, unali wolimba. Atakoka wachiwiri, unangotsatira chala chake. Unali utaduka pa swichi.

"Ehe! Ngalande yagumuka apo."

Anasolola chitsulo m'makala, n'kudonthezapo mtovu. Kautsi kanakwera, waya unagwira.

"Kachitatu kali kuti? Ndikuona kabowo kopanda kanthu."

"Katsala kunyumba, m'bokosi la machesi."

"Ndiye tchera khutu, pakuti ukakaika wekha. Iti si timababu ta tochi ayi. Mkati mulibe kaulusi. Eni ake amatitcha elo-i-di. Ine ndinationapo pa makina a mzungu wina, ndipo muno mu Lilongwe sungatipeze ngakhale uyende shopu ndi shopu. Timagetsi iti tili ndi miyambo iwiri. Woyamba ndi wa miyendo. Kalikonse kali ndi mwendo wautali ndi waufupi. Wautali umalowa mbali yochokera kumutu kwa batire, kuja kuli kachipumi. Ukasemphanitsa sikayaka, koma sikafa. Umangokazula n'kukatembenuza. Mwambo wachiwiri ndiye woopsa. Ukukaona kanthu kamizeremizere aka?"

Ndinasuzumira nanenso. Kanali ngati kambozi kogona pa waya.

"Dzina lake ndi rezisita. Ameneyu ndi mlonda wa pageti. Amalowetsa magetsi ochepa okha, oti timaso iti tikwanitse. Usamuchotse. Usamulambalale ndi waya wina. Ndipo mabatire ndi awiri, osapitirira. Ukafuna kuwala, gula atsopano awiri, osati kuunjika akale. Babu la tochi ukaliwonjezera moto limayamba lakuchenjeza, limayera mbee. Iti sitichenjeza munthu. Timangophethira kamodzi, basi, maliro. Bwereza."

"Mwendo wautali kumutu. Mlonda asachoke. Mabatire awiri."

"Pita. Agogo, mwamva nanu, ndinu mboni."

Ndinamva ndithu. Dzina la timagetsito linandikanika lilime, koma mawu oti maliro ndinawamva bwinobwino.

Pamene tinkachoka, mashopu anali atatseka, poti masiku amenewo Loweruka ankatseka masana. Mabatire atsopano sitinawapeze.

"Osadandaula, agogo," anatero Evelesi panjira. "Kwathu mabatire alipo mpukutu wonse."

"Awiri, anatero bambo aja."

"Ee, awiri. Ndamva."

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, Jobu atakhala pakhomo ndi wailesi yake. Kansanja tinakabisa m'dengu la ufa.

4. Lamulungu m'mawa

Kutacha Jobu anavala jekete, n'kutiitana kuti tizipita kutchalitchi. Evelesi anati mutu ukumupweteka. Ine ndinati miyendo, ndipo zanga zinali zoona. Jobu anapita yekha, wailesi n'kuisiya pa msomali.

Geti lisanatsekeke n'komwe, mutu wa Evelesi unachira. Sophia anatulukira ndi bokosi lake la machesi. Anayala thumba pabwalo, padzuwa, pafupi ndi waya woyanikapo zovala.

Ndinene zoona, poyamba mwanayo anagwira ntchito mwadongosolo. Anapala kachitsulo kaja mpaka kanawala. Anabwezera mabatire awiri, amene anali atawayanika padenga kuyambira m'mamawa. Anakankha swichi.

Timaso tiwiri tinafiira.

"Tayaka! Eve, tayaka!" Sophia analumpha.

"Chete iwe, wophika amva," ndinatero.

Evelesi anatenga kachitatu n'kukalowetsa m'kabowo kake. Sikanayake. Anakakanikiza. Sikanayake.

"Kafa," anatero Sophia.

"Dikira." Evelesi anakazula, n'kukayang'anitsitsa. "Mwendo wautali kumutu." Anakatembenuza, n'kukalowetsanso. Kanafiira ngati tinzake.

Ntchito inathera pamenepo. Ana anga amene mukumva nkhaniyi, gwirani mawu amenewa: ntchito inali itatha. Chotsala chinali kunyamula n'kukabweza pa phiri.

Koma Sophia anapendeketsa mutu.

"Sitinkawala chonchi. Tikungooneka ngati tikudwala. Adadi akangoyatsa adziwa."

Dzuwa linali litakwera kale. Ine magetsi ndimawaopa, koma mantha a denga anaposa. Ndinasendera, n'kuphimba kansanjako ndi nsonga ya chitenje, n'kusuzumira. Mumthunzi umo timaso tonse titatu tinali psuu ngati makala.

"Tikuwalatu iti," ndinatero. "Dzuwa ndi limene likukunamizani. Ngakhale moto wa nkhuni masana suoneka. Kabwezeni m'nyumba, mutseke makatani, muone. Evelesi, pamene wafikapa Mulungu wakuchitira chifundo. Munthu akawoloka mtsinje sabwereranso kukayesa ngati pakati m'pozama. Leka pomwepa."

"Agogo, inu mumangotionera pazenera," anatero Sophia. "Adadi amationa tsiku lililonse."

"Ndingowonjezera limodzi," anatero Evelesi.

"Awiri! Bambo aja anati awiri!"

"Amanena atsopano. Athuwa ndi otha. Atatu akale ali ngati awiri atsopano. Agogo, inu zamagetsi mumazidziwira kuti?"

Mawu amenewo anandikhalitsa pansi. Evelesi analowa m'chipinda, n'kutuluka ndi mpukutu wa mabatire wa bambo ake. Anamasula malegeni. Anachotsa mawaya m'kabokosi, n'kuwagunditsa pa mabatire atatu. Timaso tinawala pang'ono kuposa kale.

"Mwaona? Palibe chachitika."

Anaika lachinayi. Tinawalanso pang'ono.

"Basi, Eve, mwina zakwana," anatero Sophia. Tsopano ndi iye amene anayamba kuopa.

Koma Evelesi sankamvanso munthu. Anali atagona chafufumimba, mphuno pafupi ndi kabokosi.

"Vuto ndi kambozi aka. Ndikuthira moto wambiri, iko kakungodya. Ndikangokadutsa kamphindi, tione kuwala kwake kwenikweni."

"Ameneyo ndi mlonda!" ndinakuwa, osasamalanso za wophika. "Mwana iwe, ukuchotsa mlonda pageti?"

"Sindikumuchotsa. Ndikungomuzungulira."

Anatenga kachidutswa ka waya, n'kukapinda mbali iyi ndi iyo ya kambozi kaja. Kenako anabwezera mabatire onse mumpukutu, monga amachitira bambo ake wailesi ikafooka, n'kugunditsa mawaya kunsonga zonse ziwiri.

Phethi!

Ndinaona kuwala kumene sindinakuonepo, kofiira mopita kuchikasu, kopambana dzuwa lomwe. Kunangokhala kanthawi kophethira diso. Kenako kunamveka kuti thi, ndi kafungo ngati ka tsitsi lowauka.



Evelesi anachotsa kawaya kake msangamsanga. Anabwezera mabatire awiri. Anapalanso chitsulo chowala kale. Anayesa swichi. Anakoka waya uliwonse. Anazula kalikonse n'kukatembenuza, n'kukabwezeranso. Njira yonse imene a Edwell anamuphunzitsa anaitsata bwinobwino, ndipo ngalande yonse inali yabwino. Koma timaso tiwiri tinali titada mkati, ndipo kachitatu kanali katang'ambika pamutu.

Sophia anatola kansanja, n'kukabisa m'juzi, n'kuthamangira m'nyumba.

Evelesi anatsala atakhala pathumba, mabatire ali mbwee.

"Agogo, mwina tikazizira tiyakanso."

Ine ndinayamba kutolera mabatire kuti bambo ake asawapeze pansi.

5. Bwana afunsa

Galimoto inalowa dzuwa likupendeka. Jobu anathamanga kukatsegula geti, n'kutsitsa katundu. Sankadziwa kanthu. Ine ndinakhala pakhomo, maso ali pa zenera la chipinda chochezera. Ndinaona makatani akutsekedwa. Patapita kanthawi ndinawaona akutsegulidwanso.

A Chikaonda anabwera okha kuseri, kansanja kali m'manja. Kuyambira pamene tinafika anali asanapondeko kumeneko. Adona anaima pakhomo la khitchini, Sophia ali kumbuyo kwawo.

"Jobu, ndani wagwira ichi?"

"Sindikudziwa, bwana. Ine m'nyumba sindilowa."

Evelesi anatuluka, n'kugwada pafumbi.

"Ndine ndapsereza, bwana."

Jobu anamuyang'ana mwana wake ngati sakumudziwa.

"Chinafika bwanji m'manja mwako?"

Evelesi anatembenukira kukhitchini. Sophia ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Mwana wathu anadikira, mnzake osadzutsa mutu. Ine ndinatsegula pakamwa, koma Jobu anandiponda chala. Ndinamva chimene ankatanthauza. Wantchito sanenera mwana wa bwana pamaso pa mayi ake.

"Ndinanena ine," anatero adona. "Kuseriku kwasanduka mudzi. Lero ndi ichi, mawa tidzapeza wailesi yaphwasulidwa."

A Chikaonda sanakweze mawu. Anatsegula kabokosi, n'kuyang'ana mkati nthawi yaitali.

"Kuti chinagwa, ndaona, ndipo sindikudandaula nazo. Waya woduka ndikanaulumikiza ndekha. Apa wina wawotcherera bwino. Apa papalidwa bwino. Chinthuchi chinali chitachira. Ndiye wina anachithira moto wosayenera. Mwana iwe, yankha chimodzi. Unauzidwa kuti timagetsi iti sitifuna mabatire ambiri, kapena sunauzidwe?"

"Ndinauzidwa, bwana."

"Ndi za rezisita unauzidwa?"

"Ndinauzidwa."

"Ukanati sunadziwe, ndikanakuphunzitsa ndekha, pakuti manja uli nawo. Koma munthu wodziwa n'kuchitabe, ine sindingagone naye mpanda umodzi. Timagetsi iti ndinabwera nato kuchokera kunja, kumene ndinapita kukaphunzira. Sindidzapitakonso." Anatembenukira kwa Jobu. "Ntchito sindikukuchotsa, umagwira bwino. Koma tinapangana chiyani za chipinda ichi?"

"Kuti ndi cha munthu mmodzi, bwana."

"Maso aja ndinatseka, lero ndatsegula. Uwapezere kwina."

Ndinagwada nanenso. Ndinawomba m'manja, ndinati mwana ndi mwana, mumukwapule ife tikuona, koma denga mutisiyire. A Chikaonda anandiyankha mwaulemu.

"Dzukani, mayi. Inu simunalakwe."

Anatembenuka n'kumapita, kansanja kali m'manja.

Jobu sanamumenye Evelesi. Ndikanakonda akanamumenya. Anangovula jekete, n'kulipachika, n'kukathirira maluwa.

6. Ku Kawale

Kopita kunali kumodzi kokha. Ku Kawale kunali Consolata, mng'ono wa malemu mayi ake a Evelesi, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Pa maliro a mkulu wake, Consolata anafuna kutenga mwanayo, poti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Jobu anakana, anati amuphunzitsa yekha. Kuyambira pamenepo awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu.

Loweruka lotsatira Jobu anabwereka wilibala. Tinaikamo mphasa, mapoto ndi kathumba ka ufa. Evelesi ananyamula chikwama cha mabuku. Potuluka pageti ndinaona katani likugwedezeka, koma palibe anatuluka kudzatsanzika.

Tinamupeza Consolata pakhonde, akusankha tomato, owola uku abwino uku. Sanadzuke. Anamvetsera Jobu mpaka kumapeto, manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye mwabwera naye tsopano, alamu? Si uja munkati akhala nesi?"

"Ndi kwa kanthawi chabe, mlamu. Ndikapeza malo ndidzawatenga."

"Malo muwapeza kuti, inu mukugona m'khola la bwana? Agogo alowe, akagona kukhitchini, azindionera ana. Ine nkhalamba sindithamangitsa." Kenako anamuyang'ana Evelesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wakula. Khosi ili likhoza dengu."

"Sukulu ali nayo Lolemba," anatero Jobu. "Kuyenda n'kutali, koma akalawira afika."

"Akalawira apita ndi ine kokapikula tomato. Pano aliyense amadya chimene wasenza. Munali ndi nyumba yomuphunzitsiramo, alamu, yakukanikani. Tsopano ndi wanga."

Jobu anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana Jobu. Panalibe wa ife amene anali ndi khomo lina loti akagogode.

Consolata anapukuta manja pachitenje, n'kuimirira.

"Iwe, bweretsa chikwamacho ndikakusungire pamwamba. Mabuku pano amadyedwa ndi makoswe."

Evelesi anachikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri. Consolata anatambasula dzanja, n'kudikira.